Momwe mungadziwire timu ya hockey ya koleji imene igwe mu Malichi

Chaka chilichonse mu hockey ya pa ayezi ya makoleji a ku America mumapezeka timu imene aliyense amailoza kuti chikho ndi chake. Osewera ake amakhala atasankhidwa kale ndi matimu a NHL (ligi yaikulu ya hockey ya ku America ndi Canada), zigoli ikumwetsa zisanuzisanu, ochemerera akudzaza bwalo Lachisanu ndi Loweruka. Ikafika Malichi timu yomweyo imagwa, nthawi zambiri ndi chigoli chimodzi chokha. Masewerawa ndimawakonda kwambiri, ndipo zimandipweteka ndikamva anthu akunena kuti anyamata anachita mantha kapena analibe mtima. Zifukwa zenizeni zilipo, ndipo zambiri zimaonekera kale mu Januwale ndi Febuluwale ngati mukudziwa poyang'ana.

Yambani ndi kumvetsa kamangidwe ka mpikisano. Ligi imayamba mu Okutobala, timu iliyonse imasewera masewera pafupifupi 34, kawirikawiri awiri motsatizana ndi mdani yemweyo. Mukagonja Lachisanu, Loweruka mubweza. Mpikisano wa chikho cha NCAA (bungwe loyendetsa masewera a makoleji), umene umayamba mu Malichi, ndi wina: matimu 16, wachipulula, wogonja kamodzi alongedze. Kuti mutenge chikho muyenera kupambana kanayi motsatizana, kawiri m'chigawo chanu, kawiri ku Frozen Four (semifainolo ndi fainolo) mu Epulo. Ku NHL matimu amakumana mpaka kasanu ndi kawiri, choncho wamphamvu amapeza mpata wodzikonza. Kuno mphindi ndi 60 basi. Ndiye funso lofunsa lisakhale lakuti timu iyi ndi yabwino bwanji. Funsani kuti tsiku limene zinthu zaikanika, ingapambanebe?

Kuti muyankhe, tsegulani ndandanda ya zotsatira za chaka chonse. Masewera amene inapambana 6-2 kapena 7-1 alumpheni, sakuuzani kanthu. Werengani amene anathera 2-1, 1-0, 3-2, makamaka akoyenda komanso olimbana ndi matimu amene amangodzikundika kumbuyo. Ngati timu imapambana pokhapokha yamwetsa zinayi kapena kuposa, ikani chizindikiro. Denver ya 2024 ndi imene inamwetsa zigoli zambiri kuposa timu iliyonse m'chakacho, koma itafika mu mpikisano wa chikho inapambana 2-1 kwa UMass, 2-1 kwa Cornell, 2-1 kwa Boston University, kenaka 2-0 kwa Boston College mu fainolo. Masewera anayi, zigoli zitatu zokha zolowa kwawo. Anyamata a mphunzitsi David Carle ankatha kusewera mitundu iwiri ya hockey. Matimu ambiri aluso amadziwa umodzi.

Minnesota Duluth ya mphunzitsi Scott Sandelin inali yotero. Mu 2018 inalowa mu mpikisano movutikira, ngati timu yotsiriza kupatsidwa malo, koma inapambana semifainolo 2-1 kwa Ohio State ndi fainolo 2-1 kwa Notre Dame. Chaka chotsatira inatenganso chikho pogonjetsa UMass 3-0. Sinali timu yosangalatsa kuonera nthawi zonse. Inali timu yozolowera kukhala pa chigoli chimodzi popanda kunjenjemera.

Kenaka yang'anani zaka za osewera, ndipo apa mukhalitsepo. Malamulo a hockey ya koleji amalola mnyamata kuyamba wasewera m'maligi a achinyamata monga USHL kapena NAHL, n'kudzalowa koleji ali ndi zaka 20 kapena 21. Akamafika chaka chachinayi amakhala bambo wa zaka 24, thupi lokhwima, wodziwa kukankhana pachipupa cha bwalo. Koma katswiri amene NHL yamusankha koyambirira amabwera ali ndi zaka 18, amakhala chaka chimodzi kapena ziwiri, n'kupita. Ndiye timu yodzaza ndi akatswiri imakhalanso timu ya ana. Mu Novembala luso limaphimba zimenezi. Mu Malichi, mdani akatseka pakati n'kukukankhirani kumakona, mwana wa zaka 18 amapezeka akulimbana ndi munthu womuposa zaka zisanu ndi chimodzi, amene akudziwa kuti akagonja lero, jezi ya koleji sadzaivalanso.

Chitsanzo chimene sichichoka m'mutu mwanga ndi Michigan ya 2022. Pa osewera asanu oyamba amene anasankhidwa ku NHL mu 2021, anayi anali a timu imeneyi: Owen Power woyamba, Matty Beniers wachiwiri, Luke Hughes wachinayi, Kent Johnson wachisanu. Zoterezi zinali zisanachitikepo. Anafika semifainolo ku Boston n'kugonja 3-2 kwa Denver m'nthawi yowonjezera, Carter Savoie ndi amene anamwetsa. Patangopita masiku ochepa Power anali ku Buffalo, Beniers ku Seattle, Johnson ku Columbus. Sindikunena kuti mitima yawo inali itapita kale, zimenezo sindikhulupirira. Chimene ndikunena n'chakuti timu yotere imapatsidwa mwayi umodzi wokha. Ikagonja, palibe gulu lobwerera chaka chamawa litaphunzira. Michigan inafikanso ku Frozen Four mu 2023 ndi mu 2024 ndi akatswiri ena, n'kutulukiranso mu semifainolo maulendo onse awiri. Chikho chawo chomaliza pofika nthawi imeneyo chinali cha 1998.

Choncho pandandanda ya osewera werengani a chaka chachitatu ndi chachinayi, makamaka otchinga kumbuyo. Ndipo onani ngati mphunzitsi amawadalira mphindi ziwiri zomaliza, kapena amangowasunga pabenchi.

Akatswiri omwewo ndi amene amaitanidwa kukasewerera maiko awo pa mpikisano wa achinyamata wa padziko lonse, umene umayamba pa 26 Disembala n'kutha kumayambiriro kwa Januwale. Anzawo akupuma, iwo ali pa ayezi. Mu 2022 Power, Johnson, Beniers ndi Brendan Brisson anapitanso ku Olympics ku Beijing mu Febuluwale. Muziona miyendo ya osewera otere kumapeto kwa Febuluwale, makamaka pobwerera kukatchinga.

Tsopano goloboyi. Nambala ya chaka chonse imanyenga, chifukwa goloboyi wa timu yamphamvu amatha masewera ambiri akungoonerera anzake akusewerera mbali inayo. Tengani masewera khumi omaliza muone kuti pa mashoti 100 alionse akugwira angati. Ngati sakufika 91, dandaulani. Onaninso ngati mphunzitsi akusinthasinthabe magoloboyi awiri mu Febuluwale, chifukwa zikutanthauza kuti naye sanakhutire. Mu fainolo ya 2024 ku St. Paul, Boston College inali ndi Cutter Gauthier, Will Smith, Ryan Leonard ndi Gabe Perreault, timu imene inaopsa aliyense chaka chonse. Goloboyi wa Denver, Matt Davis, anagwira mashoti 35, ndipo 23 mwa amenewo anabwera m'chigawo chachitatu chokha, chomaliza mwa zigawo zitatu za masewera. Pena puck (kachimbale ka labala kamene amamenya m'malo mwa mpira) inadutsa kuchoka mbali ina ya golo kupita kwa Leonard amene anali yekha, golo lili pululu. Davis anadziponya chammbali thupi lonse, mkono utatambasuka, n'kuitchinga. Leonard sanalakwitse chilichonse pamenepo. Boston College inatuluka m'bwalo yosamwetsa ngakhale chimodzi.

Musaiwale goloboyi wa mdani. Ndi amene amapha matimu akuluakulu m'masewera oyamba. Mu 2019 ku Fargo, St. Cloud State inalowa ili nambala wani m'dziko lonse, n'kugonja 2-1 kwa American International College, sukulu yaing'ono ya ku Springfield imene inali kulowa mu mpikisanowu koyamba. St. Cloud inawomba mashoti ochuluka kuposa kawiri a mdani wake. Mu 2018 St. Cloud inalinso nambala wani ndipo inatulutsidwa ndi Air Force, 4-1. Mu 2015 RIT inachita zomwezo kwa Minnesota State, 2-1. Mu 2006 Holy Cross inagwetsa Minnesota 4-3 m'nthawi yowonjezera ku Grand Forks. Matimu anayi opambanawa onse anachokera mu ligi ya Atlantic Hockey, imene anthu ankaiderera. Kaseweredwe kake ndi kofanana: kutseka pakati pa bwalo, kugona patsogolo pa mashoti, kudikira cholakwa chimodzi. Timu yaluso ikaona mphindi 30 zatha osamwetsa imayamba phuma. Aliyense amafuna kupulumutsa timu payekha, otchinga kumbuyo amakwera onse, puck imatayika pamzere wabuluu, ndipo adani awiri amathamangira golo kutsogolo kuli munthu mmodzi. Kuthamanga sikufika.

Nkhani ya St. Cloud ili ndi mbali ina yofunika kuiyang'ana: kukula kwa bwalo. Bwalo la muyeso wa NHL ndi la mafiti 200 m'litali ndi 85 m'lifupi. Makoleji ena, kuphatikizapo St. Cloud State m'zaka zimenezo, amasewerera pa bwalo lotambasuka la mafiti 100 m'lifupi. Mafiti 15 amenewo ndi malo opumira a wosewera waliwiro, amazungulira wotchinga kunja n'kupeza nthawi yodzutsa mutu. Masewera a chikho amaseweredwa pa mabwalo opapatiza. Sindikuti bwalo lokha ndi limene linawagwetsa, koma ngati timu yanu ndi ya bwalo lalikulu, patulani zotsatira za kwawo ndi zakoyenda, muone ngati zikufanana.

Patulaninso zigoli. Wosewera akalakwa amakakhala panja mphindi ziwiri, timu inayo n'kusewera asanu kwa anayi, imene amati power play. Matimu aluso amakolola kwambiri pamenepa. Koma simungadalire kuti woyimbira akupatsani mwayi wotere kanayi kapena kasanu pa masewera achipulula, ndipo adani okhwima amadziwa kudziletsa. Chotsani zigoli za power play muone zotsala, zimene zinamwetsedwa asanu kwa asanu. Chotsaninso zigoli za mzere woyamba wa osewera kutsogolo (amasewera atatuatatu m'mizere inayi yosinthana). Ngati mzere wachitatu ndi wachinayi sumwetsa, mphunzitsi wa mdani ali ndi ntchito imodzi yokha, yotseka anthu atatu. Chimodzimodzi ndi masewera amene anapambana m'nthawi yowonjezera ya mu ligi. Imeneyo ndi ya mphindi zisanu, atatu kwa atatu, malo ali mbwee, ndipo imakomera akatswiri. Mu chikho nthawi yowonjezera ndi ya asanu kwa asanu, zigawo za mphindi 20 mpaka wina amwetse. Mu 2021 Minnesota Duluth ndi North Dakota zinafika chigawo chowonjezera chachisanu, Duluth n'kupambana 3-2. Masewera otere amapambana ndi timu imene ili ndi mizere inayi yodalirika.

Kuipa mtima nakonso muzikuwerengera. Kugunda munthu kumutu kapena chakumbuyo kungadzetse chilango cha mphindi zisanu, chimene sichitha ngakhale mdani amwetse, ndipo wolakwayo angathe kutulutsidwiratu. Oyimbira amakaonanso pa kanema. Timu imene yakhala ikulandira zilango zotere chaka chonse siidzasiya mu Malichi.

Chovuta kuchiwerenga pa pepala ndi mmene timu imasewerera ikatsogola. Ichi muyenera kuonera ndi maso, chigawo chachitatu cha masewera alionse amene ikutsogola ndi chigoli chimodzi. Mu fainolo ya 2023 ku Tampa, Minnesota ya Logan Cooley, Matthew Knies, Jimmy Snuggerud ndi Brock Faber inatsogola 2-0 kwa Quinnipiac. Quinnipiac itabweza chimodzi, Minnesota inabwerera kumbuyo n'kuyamba kungotaya puck kutali kuti nthawi ithe. Timu yozolowera kuthamangitsa anzake inakhala yothamangitsidwa, ndipo kaseweredwe kameneko sikanali kake. Mphunzitsi wa Quinnipiac, Rand Pecknold, anatulutsa goloboyi wake n'kulowetsa wosewera wina, Collin Graf anafananitsa kutatsala mphindi zosakwana zitatu. Nthawi yowonjezera inatha masekondi 10 okha. Quinnipiac inatenga puck pakati poyambira, Zach Metsa anaiponya patali kwa Sam Lipkin, Lipkin anaidutsitsa kwa Jacob Quillan amene anabwera chothamanga pakati, n'kuilowetsa. Anali atakonzeratu kaseweredwe kameneko. Pecknold anali ataphunzitsa timu imeneyi kuyambira 1994, ndipo chimenechi chinali chikho chake choyamba.

Luso lokha si mlandu. North Dakota ya 2016 inali ndi Brock Boeser ndi Nick Schmaltz ndipo inatenga chikho mosakayikitsa, 5-1 kwa Quinnipiac. Denver ya 2024 inali ndi Zeev Buium, mnyamata wa chaka choyamba. Koma pambali pa achichepere amenewa panali osewera okhwima ndi goloboyi wodalirika. Mwayi nawonso ulipo, puck ikagunda chitsulo cha golo m'malo molowa palibe amene mungamudzudzule.

Ndandanda ya matimu 16 imatuluka Lamlungu, maligi akangomaliza zikho zawo. Ikatuluka, musathamangire kuona amene timu yanu ingakumane naye mu fainolo. Onani mdani woyamba. Fufuzani zaka za osewera ake, masewera khumi omaliza a goloboyi wake, komanso ngati walowa chifukwa chopambana chikho cha ligi yake, chifukwa timu yotere imakhala yatha masabata angapo ikusewera masewera oti ikagonja yatuluka. Kenaka onani tsiku limene timu yanu inasewera komaliza. Ngati inatulutsidwa msanga mu chikho cha ligi n'kukhala masabata awiri osasewera, chigawo choyamba cha masewera oyamba chidzakhala choopsa kwambiri, ndipo ndi chimene muyenera kuonera osaphethira.