Momwe mungaonere maselo akugawanika pogwiritsa ntchito mizu ya anyezi

Ana ambiri amafika pa mayeso a MSCE atangoloweza mitosis (kugawanika kwa selo kukhala awiri) yojambulidwa pa bolodi, chonsecho maikulosikopu wamba wa pasukulu angawaonetse zenizeni. Chofunika ndi anyezi.

Gulani wa kumsika, makamaka amene wayamba kale kuphuka, ndi wotchipanso. Wina wonyezimira wa m'mashopu amakhala atathiridwa mankhwala oletsa kuphuka, mungadikire mlungu wathunthu osaona muzu. Mukhazikeni pakamwa pa botolo, kunsi kokha kukhudze madzi. Pakatha masiku atatu kapena anayi timizu toyera timatuluka. Dulani nsonga yeniyeni ndi lezala, mamilimita awiri kapena atatu, chifukwa maselo ogawanika ali pomwepo.

Pa asidi ndi pomwe ntchito inandionongekera. Nsongazo zimaviikidwa mu hydrochloric acid wa mphamvu ya 1M, wofunda madigiri 60, kwa mphindi zisanu, kuti maselo alekane. Madzi anga ofunditsira asidi anatentha mopitirira mpaka kuyamba kuwira, nsonga zinatuluka ngati phala, zosanyamulika ndi singano. Musaike asidi pamoto. Thirani madzi otentha m'kapu, yezani ndi thermometer, kenako imikani chubu cha asidi m'madzimo, maso pa wotchi. Mukavuula msanga ndi vutonso: nsonga imakhala yolimba, maselo amaunjikana, kuwala sikudutsa. Mphindi zisanu zikakwana vuulani nsongazo, tsukani ndi madzi ozizira kawiri, chifukwa asidi wotsalira amakaniza utoto kugwira.

Utoto wabwino ndi acetic orcein, koma ndi wodula ndipo umasowa. Methylene blue amathandiza ndithu. Chenjerani ndi anthu oyenda m'masukulu ndi mabotolo opanda tsiku lopangira, utoto wawo umakhala madzi okhaokha.

Ikani nsonga pa slide (kagalasi koikapo choyezedwa), dontho limodzi la utoto pamwamba pake, dikirani pang'ono, vundikirani ndi cover slip (kagalasi kopyapyala), ikani pepala pamwamba, dinikizani ndi chala chachikulu molunjika osapotokola. Pa maikulosikopu yambani ndi x100, mupite pa x400.

Musakhumudwe mukaona kuti maselo ochuluka, pafupifupi asanu ndi anayi mwa khumi, sakugawanika, angokhala ndi nucleus (phata la selo) yozungulira bwinobwino. Phunziro lenileni ndi limenelo. Selo siligawanika mwachisawawa. Mapuloteni otchedwa cyclin amachuluka ndi kuchepa pa nthawi yake, ndipo ndi amene amadzutsa mapuloteni ena, ma CDK, okankhira selo patsogolo. Ntchito yotulukira zimenezi inapezetsa Leland Hartwell, Tim Hunt ndi Paul Nurse mphoto ya Nobel mu 2001. Selo limaima kaye lisanakopere DNA (malangizo a chibadwa a m'selo), limaimanso lisanalowe mu mitosis kuti lione ngati kukoperako kwatha bwino. Mukapeza selo lomwe ma chromosome ake 16 (timizere tonyamula DNA) andanda pakati, dziwani kuti likudikira mpaka iliyonse itagwidwa ndi ulusi wokokera mbali zonse ziwiri.

Ndimawauza ana kuti zimenezi si za anyezi yekha. Mwa munthu, puloteni ya p53 imaimitsa selo lomwe DNA yake yaonongeka. Kachilombo ka HPV kamaphwanya p53 imeneyo, maselo n'kumachulukana popanda choletsa, ndipo umu ndi momwe khansa ya khomo la chiberekero, yomwe yatilanda amayi ambiri, imayambira.

Zotsalazo n'zosavuta. Ana awerenge maselo 100, alembe angati akugawanika, ajambule awiri. Slide ikatuluka bwino matani m'mbali ndi polishi wa zikhadabo, ikhalako masiku angapo.