Mukafuna Kuona Thyolo Alethe, Sakani Linthumbu

Thyolo alethe ndi mbalame imene imakhala m'nkhalango zowirira za m'mapiri a kum'mwera kwa Malawi, monga ku Thyolo ndi ku Mulanje, komanso pa mapiri a Namuli, Chiperone ndi Mabu ku Mozambique. Nkhalangozi zikutha ndi nkhwangwa, ndipo mbalameyi ndi yamanyazi. Kungoyendayenda mukuyang'ana m'mitengo n'kutaya nthawi, chifukwa iyo imadyera pansi, potsatira linthumbu.

Lowani m'nkhalango kukangocha, maso pansi. Mukapeza mzere wa linthumbu musaime pomwepo, apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Mzerewo ndi msewu chabe. Onani kumene nyerere zonyamula chakudya zikuchokera, mulondole mzerewo cham'mbali mpaka pamene zamwazika n'kukuta masamba ouma. Mudzamva kuti waaa, ngati kamvula kowaza. Pamenepo akangaude, mphemvu ndi nkhululu zimatumphuka kuthawa, ndipo ndi zimene mbalameyo yabwerera.

Khalani pambali, mamita 6 mpaka 8 kuchokera pa linthumbulo, osati kumene likulowera. Pisani miyendo ya thalauza m'masokosi. Likakukwerani mudzayamba kupalapata, ndipo mbalame zonse zidzabalalika. Dikirani muli phee kwa mphindi 20 kapena 30. Pansi pa mitengo pamakhala mdima, choncho mabainokula (magalasi oonera patali) olembedwa 8x42 ndi abwino kuposa olembedwa 10x25, amene amalowetsa kuwala kochepa.

Yang'anani pa timitengo ta m'munsi ndi pa zikuni zogwa. Thyolo alethe imatera pamenepo, n'kudumphira pansi, tsompho, n'kubwereranso. Ndi yaikulu pang'ono kuposa mpheta: msana wabulauni wofiirira, nkhope yotuwa, kukhosi koyera kuti mbee, miyendo yotumbuluka. Ikauluka, nsonga zoyera za nthenga za m'mbali mwa mchira zimaonekera. Mukaona ya mimba yachikasu, imeneyo ndi ina, white-starred robin, yomwenso imakonda linthumbu.

Musaiitane ndi nyimbo yake ya pafoni, makamaka mvula ikayandikira, nyengo yoswana. Imaganiza kuti mdani walowa m'dera lake, n'kusiya kudya ndi kusamala chisa.

Lembani tsiku, ola, malo ndi chiwerengero cha mbalame zomwe mwaona nthawi imodzi, osati nthawi zonse zimene yatulukira, poti imodzi yomweyo imapita n'kubwera kangapo.