Momwe mungakonzere ulendo wokaona kumene amatcheza wisiki ku mapiri a ku Scotland

Johnnie Walker, Glenfiddich ndi Chivas Regal, mabotolo amene timawaona pa mashelefu apamwamba m'masitolo, onse kwawo ndi kumodzi: ku Scotland, kumpoto kwa Britain. Dzikoli lili ndi mafakitale otcheza wisiki oposa 140, ndipo ambiri amalandira alendo. Ena ali m'tauni, koma ochuluka ali m'zigwa, m'mphepete mwa mitsinje ndi pa zilumba zimene simungazifike mwamsanga. Ndiye chinthu choyamba kuchivomereza n'chakuti simungathe kuona zonse pa ulendo umodzi. Sankhani dera limodzi, mulipatse masiku okwanira, ndipo musagwire chiwongolero. Zotsalazo zili motere.

1. Yambani ndi viza

Mwini pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique kapena Zimbabwe amafunika viza yotchedwa Standard Visitor, imene imalola munthu kukhala ku Britain mpaka miyezi isanu ndi umodzi. Fomu mumalemba pa intaneti pa tsamba la boma la gov.uk, kenako mumapita kukatolitsa chithunzi ndi zidindo za zala. Mungathe kufunsira kutatsala miyezi itatu kuti munyamuke, ndipo yankho nthawi zambiri limabwera pakatha masabata atatu. Musagule tikiti yosabwezeka ndalama viza isanatuluke. Amene muli kale ku Leicester, Manchester kapena London, gawo ili silikukukhudzani. Palibe chipata pakati pa England ndi Scotland.

Ndege yochokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre molunjika ku Britain kulibe. Mudzasinthira ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Mukatera ku London, sitima yochokera pa King's Cross imafika ku Edinburgh patatha maola anayi ndi theka. Palinso sitima yausiku ya Caledonian Sleeper: mumagona mukuchoka pa Euston, n'kudzuka muli ku Inverness kapena Fort William, m'kati mwenimweni mwa mapiri.

2. Sankhani dera, ndipo apa ndi pofunika kufatsa

Malamulo a wisiki a chaka cha 2009 amatchula madera asanu: Speyside, Highland, Islay, Campbeltown ndi Lowland. Kakomedwe ka wisiki kamasiyana, kayendedwe kakenso kamasiyana.

Ngati ndi ulendo wanu woyamba, ine ndingakulozereni ku Speyside, chigwa cha mtsinje wa Spey pakati pa Inverness ndi Aberdeen. Mafakitale pafupifupi 50 anathithikana m'dera laling'ono, choncho simutaya tsiku lonse pamsewu. Ku Dufftown kuli Glenfiddich, imene William Grant anamanga ndi ana ake ndipo inatulutsa madontho oyamba pa Khirisimasi ya 1887. Balvenie ili pafupi pomwepo, ndipo idakali kupanga china mwa chimera chake pamanja, kuchiyanika pansi n'kumachitembenuza. Ku Keith kuli Strathisla ya mu 1786, kwawo kwa Chivas Regal. Glenlivet inapeza chilolezo mu 1824, chaka chimodzi boma litasintha lamulo la msonkho kuti otcheza mobisa atulukire poyera. George Smith, mwini wake, ankayenda ndi mfuti ziwiri chifukwa anzake ozembetsa mowa anamuona ngati wowapereka. Wisiki wa kuno ndi wofewa pakamwa, wonunkhira zipatso ndi uchi.

Islay ndi chilumba chakumadzulo, ndipo wisiki wake wambiri amanunkha utsi. Chifukwa chake ndi peat, dothi lakuda la m'madambo lopangidwa ndi zomera zimene zakhala zikuwola kwa zaka zikwi zambiri. Amalikumba, kuliumitsa n'kulikoleza poyanika chimera, utsi uja n'kulowerera m'mbewu. Ena amaukonda pakumwa koyamba, ena amati ukununkha mankhwala a kuchipatala. Ubwino wa Islay ndi wakuti kuchokera ku Port Ellen pali njira ya oyenda pansi ndi apanjinga, yotalika makilomita osakwana sikisi, yodutsa pa Laphroaig, Lagavulin ndi Ardbeg motsatizana. Vuto lake ndi kafikidwe. Sitima ya pamadzi ya CalMac yochokera ku Kennacraig imatenga pafupifupi maola awiri, ndipo mphepo ikalusa ulendo umalephereka. Kandege ka Loganair kochokera ku Glasgow nakonso kamadalira nyengo. Musaike Islay kumapeto kwenikweni kwa ulendo wanu ndege yobwerera kwanu ili mawa lake.

Dera la Highland ndi lalikulu kwambiri, mafakitale ake ndi otalikirana, koma ndiko kuli malo okongola odyetsa maso. Dalwhinnie ndi Blair Athol ya ku Pitlochry zili pa njanji ya pakati pa Perth ndi Inverness, mutha kutsika sitima n'kuyenda wapansi. Oban, ya mu 1794, ili pakati pa tauni ya padoko. Talisker ili pa chilumba cha Skye, kufupi ndi mapiri akuda a Cuillin. Campbeltown kale inali ndi mafakitale oposa 30, lero atsala atatu: Springbank, Glen Scotia ndi Glengyle.

Amene muli ndi tsiku limodzi lokha, musadzivute. Ku Edinburgh kuli Scotch Whisky Experience pafupi ndi nyumba yachifumu yapaphiri, komanso Johnnie Walker Princes Street yomwe inatsegulidwa mu 2021. Koma dziwani kuti malo awiriwa ndi oonetsera chabe, satchezerapo. Kuti muone mowa ukutchezedwa pitani ku Glenkinchie kunja kwa Edinburgh kapena ku Glengoyne kumpoto kwa Glasgow.

3. Nthawi yopitira

Meyi ndi Seputembala ndiyo miyezi yabwino. Mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, zosangalatsa ndithu, koma kuyambira Juni mpaka Ogasiti kumadzulo kumadzaza tizilombo touluka tating'onoting'ono totchedwa midges, toluma mwagulu madzulo kukakhala bata. Nthawi yomweyo mafakitale ena amaimitsa ntchito kwa masabata angapo kuti akonze makina, moti mutha kulipira n'kungoona mbiya zozizira. Funsani musanalipire. Mu Disembala mdima umagwa 4 koloko isanakwane ndipo misewu ina ya m'mapiri imatsekeka ndi chipale.

Pali zikondwerero ziwiri zazikulu: Spirit of Speyside chakumapeto kwa Epulo kulowa mu Meyi, ndi Fèis Ìle ku Islay kumapeto kwa Meyi. Malo ogona amatha miyezi yambiri zisanafike. Ngati simunasungitse kale, pitani sabata ina.

Mwezi uliwonse umene mungasankhe, tengani jekete losalowa madzi ndi nsapato zotseka. Ambulera ndi yosathandiza, mphepo ya kumeneko imaitembenuza.

4. Sungitsani malo, ndipo awiri pa tsiku akwana

Masiku ano kungofika pa geti osasungitsa malo ndi kutchova juga. Fakitale iliyonse ili ndi tsamba lake la pa intaneti losungitsira. Ulendo wamba woyendera fakitale umatenga ola limodzi kapena ola ndi theka, ndipo mtengo wake umayambira cha m'ma paundi 20. Wolowa m'nyumba zosungira migolo n'kulawa mowa wotungidwa mumgolo momwemo ndi wokwera kwambiri. Malo ngati Balvenie ndi Macallan amadzaza msanga.

Mafakitale awiri pa tsiku, imodzi m'mawa ina masana, nkhomaliro yokhutitsa pakati. Yachitatu mudzangotaya ndalama, lilime litafa kale. Ndipo kunena zoona, katchezedwe n'kofanana kulikonse; mukaona kanayi mwaona. Tsiku lina lipatseni Speyside Cooperage ku Craigellachie, kumene amisiri amaphwasula ndi kumanganso migolo ndi nyundo, popanda guluu kapena msomali. Kuchoka pamenepo mutha kuyenda wapansi m'mbali mwa Spey, motsata njanji yakale, mpaka ku Aberlour, kwawo kwa mabisiketi a Walkers.

5. Nkhani ya galimoto

Ku Scotland amayenda kumanzere ngati kwathu, ndipo mlendo amaloledwa kuyendetsa ndi laisensi ya kwawo mpaka miyezi 12. Koma kuyambira mu Disembala 2014 malire a mowa m'magazi a dalaivala ndi mamiligalamu 50 pa mamililita 100, kutsika kuposa ku England kumene ndi 80. Timatambula tiwiri tolawa tingakupyoletseni malirewo, ndipo chilango chake ndi kuletsedwa kuyendetsa kwa chaka chathunthu, osawerengera faindi. Musaganize zokambirana ndi wapolisi pamsewu.

Mafakitale ambiri amapatsa dalaivala timabotolo toti atengeremo gawo lake akamwere kogona. Nenani polowa kuti ndinu woyendetsa. Njira ina ndi kugona ku Elgin kapena Keith, komwe sitima imaima, n'kumakwera basi yopita ku Craigellachie, Aberlour ndi Dufftown. Matakisi ndi ochepa m'midzi imeneyi, imbani foni dzulo lake. Ngati mwasankhabe kuyendetsa ku Skye kapena ku Islay, misewu yambiri ndi yokwana galimoto imodzi, yokhala ndi timalo topatukira. Imani kumanzere kwanu, wina adutse, mukwezereni dzanja. Nkhosa nazo zimagona pamsewu mosaopa hutala.

6. Zimene mukaone mkatimo

Amene anaonapo kachasu akutchezedwa sadzasochera, chifukwa nzeru yake ndi yomweyo, kungoti mbiya za kuno ndi zamkuwa, zazitali kuposa nyumba. Balere amamunyika kuti amere, n'kumuumitsa kukhala chimera. Chimeracho amachipera, kuchisakaniza ndi madzi otentha kuti shuga asungunuke, madzi otsekemerawo n'kuwathira yisiti kuti awire kwa masiku awiri kapena kuposerapo. Kenako amatcheza, nthawi zambiri kawiri. Madontho oyamba kutuluka ndi omalizira amawabweza mu mbiya. Apakati okha ndi amene amapita mumgolo, ali oyera ngati madzi.

Mtundu wofiirira ndi kakomedwe kambiri zimachokera ku mgolo. Lamulo limati wisiki akhale m'migolo ya mtengo wa oak, ku Scotland konko, kwa zaka zosachepera zitatu, ndipo mphamvu yake m'botolo isatsike pa 40 peresenti. Migolo yambiri inasungapo kale wisiki wotchedwa bourbon ku America kapena vinyo wotchedwa sherry ku Spain. Chaka chilichonse pafupifupi 2 peresenti ya zam'mgolo imauluka, n'chifukwa chake wa zaka 25 mtengo wake umaluma. Nambala ya zaka pa botolo imanena za wisiki wamng'ono kwambiri amene alimo. Mawu akuti single malt akutanthauza wa chimera cha balere chokha, wochokera ku fakitale imodzi. Johnnie Walker ndi Chivas ndi osakaniza a mafakitale ambiri.

M'zipinda zina amaletsa kujambula chifukwa mpweya wa mowa suchedwa kugwira moto. Mverani wokuyendetsani.

Pofika polawa, musagugude. Nunkhizani kaye pang'onopang'ono, pakamwa mutatsegula pang'ono, kenako kadontho pa lilime. Thirani madontho angapo a madzi n'kulawanso. Fungo limatseguka, makamaka wotungidwa mumgolo amene amafika 55 kapena 60 peresenti. Palibe amene angakusekeni mukasiya china m'tambula. Osamwa mowa nawonso amalandiridwa, ndipo ngati nkhope yanu ikuoneka yosafika zaka 25 adzakufunsani chiphaso, choncho pasipoti isatsale kuhotela.

7. Kugula ndi kubwera nazo

Musagule pa fakitale botolo limene lilinso pa bwalo la ndege kapena m'sitolo ya mumzinda. Nthawi zambiri silitsika mtengo. Gulani la pamalopo pokha, kapena lija amakulolani kudzaza nokha n'kulemba dzina lanu pa lebulo. Masitolo a ku Scotland amagulitsa mowa kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 10 koloko usiku basi.

Botolo liikeni m'chikwama chachikulu, litakulungidwa ndi zovala. Malamulo a ndege amalola malita asanu pa munthu ngati mphamvu yake ili pakati pa 24 ndi 70 peresenti, koma zimenezo sizikutanthauza kuti onsewo alowa kwanu opanda msonkho. Funsani a MRA, kapena a kasitomu a dziko lanu, musananyamuke, ndipo sungani malisiti. Ndalama zapepala za mabanki a ku Scotland zithereni komweko: ku England ena amazikana, ndipo kuzisintha kwathu kuno n'kovuta.

Tsiku lomaliza mukakhala ku Glasgow, kwerani sitima pa Glasgow Central yopita ku Blantyre ya ku Scotland konko, ulendo wa mphindi pafupifupi 20. Nyumba imene David Livingstone anabadwiramo mu 1813 ili m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, ndipo inatsegulidwanso mu 2021 itakonzedwa. Onani masiku otsegulira pa tsamba lawo musanakwere sitimayo.