Mmene mungadyere bwino pogula pa okala ya m'dera mwanu

Ambirife ku Ndirande, Chinsapo kaya Zolozolo sitikwera minibasi kukagula ndiwo ku Chipiku ayi, timangothamangira pa okala pakona paja. Vuto ndi loti maso amafikira pa jigisi, masiwiti ndi zakumwa zotsekemera poti ndi zomwe amazipachika kutsogolo, chonsecho zakudya zenizeni zili pansi pa kauntala.

A zaumoyo amati tizidya magulu 6: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Pa okala mupezapo ufa, mazira, usipa kapena bonya, nyemba, soya pisesi, mtedza ndi mafuta, ndiye anayi akwana kale. Masamba ndi zipatso dutsani pa benchi ya amayi aja, mpiru, bonongwe, tomato, nthochi, basi mwamaliza. Ufa funsani mgaiwa, woyera uja ndi wokoma inde koma zambiri zinapita ndi madeya.

Pogula musachite manyazi kuyang'anitsitsa. Mchere tengani wa m'paketi wolembedwa kuti muli ayodini, ndipo kunyumba muziuvundikira. Mafuta ophikira ndi shuga amaikamo vitamini A, koma mafuta oyeza aja akakhala padzuwa tsiku lonse vitaminiyo imatha mphamvu, ndiye sankhani omwe ali pamthunzi, ngati thumba likulola gulani a m'botolo okhala ndi chizindikiro cha MBS, bungwe la boma loona za ubwino wa katundu. Mtedza wachuku kapena nsinjiro zowawa zisiyeni ngakhale atakuikirani basela, chukucho chimawononga chiwindi ndipo kukazinga sikuchotsa poizoni wake. Dzira mukalikayikira liviikeni m'madzi, likayandama musadye. Deti ya chambiko ndi buledi muziwerenga nokha.

Tsono nkhani yaikulu ndi ya mwini okala. Munthu uja mpamba wake ndi wochepa, sangapikule chinthu choti chikhala pa shelefu mwezi wathunthu, amaoda zomwe anthu akufunsa. Mukufuna chiponde kapena ufa wa phala la ana? Muuzeni, "Achimwene, mukapita kooda mutitengereko chiponde," muuzenso aneba awiri atatu azifunsa zomwezo, muona sabata yamawa chafika. Chikafika mugule ndithu, osati kumusiya nacho.

Za kope la ngongole ndinenepo pang'ono. Pakati pa mwezi zikathina amene amakupatsani mazira ndi ka wokumani ka ufa kuti ana asagone ndi njala ndi yemweyu, supamaketi singakulembeni m'kope. Ndiye malipiro akangolowa yambani kubweza iyeyo, kaya pa Airtel Money kaya Mpamba, musayambe kuzungulira njira ya kuseri ngati simukumudziwa.

Komanso nthawi zina muzipita nokha m'malo motuma mwana. Uthenga wa maliro, nyumba ya lendi yomwe yatuluka anthu, ganyu, tsiku lomwe madzi abwere ku kiyosiki, zonsezi zimamvekera pa okala madzulo. Mwana mukamutuma muuziretu kuti chenji agule nthochi kapena chigumu, apo ayi abwera kukamwa kuli biriwiri ndi filizesi.