Momwe mungathiririre maluwa ndi chingwe inu mutachokapo

Ulendo wina ndinachoka pakhomo kwa masiku 9, nditasiya miphika inayi ya maluwa, uliwonse ndi chingwe chake ndi botolo lake la madzi. Pobwera ndinapeza mabotolo ali odzaza monga ndinawasiyira, maluwa awiri atafota, awiri enawo atauma gwa. Njirayo ndi yabwinobwino. Chinandigwetsa ndi chingwe, ndiye pamenepo ndichedwapo.

Mupeze chidebe cha madzi, chingwe cholukidwa chonenepa pafupifupi ngati pensulo, ndi kabawuti komangirira kunsonga kuti chingwecho chimire. Musavutike ndi timiphika todzithirira tokha togulitsa tija. Ndi todula, chonsecho m'kati mwake mulinso chingwe chomwechi.

Madzi amakwera m'chingwe monga palafini amakwerera m'chingwe cha nyali. Asayansi amati capillary action. Madzi amamatirira ku thonje kapena ku galasi loyera, komanso amagwirana okhaokha, choncho amene amata kukhoma la kanjira kopapatiza amakoka anzawo a m'munsi, mpaka kulemera kwa madzi okwerawo kulingane ndi mphamvu yokokayo. Dokotala wa ku England, James Jurin, anaonetsa mu 1718 kuti kanjirako kakachepa, madzi amafika patali. M'kachubu kagalasi kotakasuka milimita 1 amakwera pafupifupi masentimita 3, koma m'kamene kali milimita 0.1 amafika pafupifupi masentimita 30. Timipata ta pakati pa ulusi wa chingwe ndiye timachubu tathu.

Tsono amene anandigulitsa chingwe cha ulendo uja anandilumbirira kuti chingwe chake ndi cha thonje lenileni. Chinali choyera, chofewa, chotsika mtengo modabwitsa, ine osafunsa zambiri. Chinali cha pulasitiki wa mtundu wa polypropylene, amene madzi safuna kumumatirira. Timipata tinalimo ndithu, koma popanda kumatirira palibe chokoka madzi. Chingwe chopakidwa phula chimachitanso chimodzimodzi, ngakhale chikhale cha thonje.

Masiku ano sindikhulupirira pakamwa pa munthu. Ndimadula kachidutswa n'kukayatsa ndi machesi. Thonje limayaka ngati pepala n'kusiya phulusa lofumbutuka, pulasitiki amasungunuka n'kuuma ngati mkanda. Kenako ndimaviika nsonga imodzi m'madzi amene ndadonthezamo inki, ina nditaigwira m'mwamba. Chingwe chabwino mumachita kuona mtundu ukukwera m'mphindi zochepa. Chikangonyowa pomwe chamira pokha, kachiyanikireni zovala. Kuyesa kwachiwiriku ndiye kwenikweni, chifukwa zingwe zina za nayiloni, ngakhale ndi za pulasitiki, zimakoka bwino ndipo siziwola msanga. Mukasowa zonsezi, ng'ambani malaya akale a thonje mupote timizere. Chingwe chatsopano muyambe mwachichapa ndi sopo n'kutsukuluza bwino, popeza chimabwera ndi mafuta a kufakitale.

Chikapambana mayesowo, chinyikeni chonse chinyowe musanachiike. Chouma chimachedwa kuyamba. Nsonga ya kabawuti ifike pansi pa chidebe, inayo muikankhire m'dothi ndi pensulo masentimita 5 kapena 8, pafupi ndi mizu, n'kutsendera dothi kuti likhudze chingwe. Dothilo likhale lothiriridwa kale.

Samalani ndi pokhazika chidebe. Chikakwera kwambiri kuposa mphika, chingwe chimangodontha usana ndi usiku ngati paipi yopopera, madzi n'kutha, mizu n'kuwola. Chikatsika kwambiri madzi amathera panjira. Ine ndimafuna madzi ayambire pamlingo wa dothi, ndipo asatsike kupitirira masentimita 15. N'chifukwa chake beseni lotakasuka limaposa botolo lalitali: madzi akamachepa, mlingo wake sutsika msanga.

Ambiri amaganiza kuti chomera nachonso chimangokweza madzi mwanjira yomweyi mpaka kunsonga. M'tsinde mulidi timitsempha totchedwa xylem, koma kukula kwake n'koti capillary action payokha singakweze madzi kuposa mita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, pomwe mitengo ya redwood ya ku California imafika mamita 115. Asayansi Henry Dixon ndi John Joly a ku Dublin, m'dziko la Ireland, anafotokoza mu 1894 kuti okoka ndi masamba. Madzi akamatuluka ngati nthunzi pa timabowo ta tsamba, amakoka mzere wonse wa madzi ogwirana kuchokera kumizu. Ndiye duwa la masamba akuluakulu lokhala padzuwa limamwa kwambiri, chingwe chimodzi sichingalikwanire. Lipatseni ziwiri, kapena lisunthireni pamthunzi.

Zotsalazi n'zosavuta. Vundikirani chidebe kuti musaswane udzudzu kapena kumera ndere. Chingwe chikhale chachifupi, chisalendewere padzuwa, chingaumire panjira. Lembani chizindikiro pomwe madzi alekeza, mudikire masiku atatu musananyamuke, muone kuchuluka kwa amene atsika, muwerengere masiku a ulendo wanu. Thonje limawola pakapita miyezi ingapo, muzisintha. Zomera zosunga madzi m'masamba monga aloe musaziikire chingwe, zithirireni kamodzi muzipita.