Momwe mungafunsire malo a MBA mukuchokera ku bungwe lomwe si laboma, malikisi a GMAT ali otsika

Anthu ambiri amene agwira ntchito kwa zaka m'mabungwe omwe si aboma amafika polakalaka digiri ya MBA (digiri ya masters ya kayendetsedwe ka bizinesi), koma amagwa ulesi akangoona zotsatira za GMAT, mayeso amene masukulu ambiri a bizinesi amagwiritsa ntchito posankha ophunzira. Kwa osankha ophunzira, malikisi otsika amadzutsa funso limodzi: kodi munthuyu adzakwanitsa maphunziro a zachuma ndi kawerengedwe ka ndalama? Pepala lililonse lomwe mutumize liyenera kuyankha funso limeneli ndi umboni.

1. Tsimikizani kaye kuti malikisiwo ndi otsikadi

GMAT yatsopano, imene bungwe la GMAC lidayambitsa mu Novembala 2023, ili ndi zigawo zitatu za mphindi 45 chilichonse, ndipo malikisi ake amayambira pa 205 kulekeza 805. Malikisi 645 pa mayeso atsopanowa amafanana ndi 700 pa akale aja, choncho ena amadandaula pachabe podziyerekeza ndi manambala akale. Onani zomwe sukuluyo yalemba zokhudza kalasi ya chaka chatha. Musangoyang'ana avereji, onaninso malire apansi a anthu amene adatengedwa.

2. Lembaninso, kapena sinthani mayeso

GMAT mungathe kuilembanso pakatha masiku 16, kasanu pa miyezi 12, ndipo zotsatira zimagwira ntchito zaka 5. Ngati masamu a pamtima ndiwo akukugwetsani, yesani GRE, mayeso ena olowera maphunziro a masters a bungwe la ETS. Imakupatsani kakyuleta pa gawo la masamu, ndipo kuyambira Seputembala 2023 sifika maola awiri. Masukulu ambiri amalandira onse awiri. Sukulu ya bizinesi ya University of Cape Town imalandiranso mayeso ena otchedwa NMAT.

Masukulu ena amalola munthu kupempha kuti asalembe mayeso n'komwe. Ine sindikulimbikitsani kutero ngati digiri yanu yoyamba inalibe masamu, chifukwa mukhala mwadzichotsera nokha umboni womwe akuufuna.

3. Chitani kosi ya manambala ndipo muikhoze bwino

Kosi ya CORe ya Harvard Business School Online ili ndi Business Analytics, Economics for Managers ndi Financial Accounting. Ngati mtengo wake ukukulira, kosi ya statistics kapena accounting pa koleji yodziwika imathandizanso, bola ikhale yopereka giredi.

4. Lembani CV ngati woyendetsa ndalama ndi anthu

Apa ndi pamene anthu a m'mabungwe amadzichepetsa mopanda chifukwa, ndipo zimandipweteka mtima. Munthu amalemba kuti "ndinkatsogolera ntchito yotukula amayi akumudzi" basi, chonsecho chaka ndi chaka amagwira bajeti ya mamiliyoni, amayang'anira antchito m'maboma atatu, amalemba lipoti la ndalama miyezi itatu iliyonse, ndipo ma audita akabwera ndi iye amene amakhala nawo patebulo kufotokoza lisiti lililonse.

Kumbukirani zomwe mudachita kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mwina kontilakita wa mijigo adabwera ndi mtengo watsopano, simenti ndi mafuta zitakwera, pamene pangano ndi opereka thandizo linali litasayinidwa kale. Mudakonzanso bajeti motani? Mudadula chiyani, mudateteza chiyani, ndipo mudawauza bwanji mafumu ndi komiti ya m'mudzi? Nanga thandizo la USAID litaimitsidwa mu Januwale 2025, ndani adakhala pansi kuwerengera kuti malipiro afika mwezi uti? Zimenezi n'zomwe kalasi ya MBA imakambirana, ndipo anzanu ochokera ku mabanki ambiri sadazionepo maso ndi maso. Lembani kuchuluka kwa ndalama m'madola, chiwerengero cha antchito, ndi zomwe zidasintha chifukwa cha chiganizo chanu. Mawu achidule a m'mabungwe monga M&E ndi WASH afotokozeni, woweregayo mwina sawadziwa.

5. Nkhani yanu isakhale yopempha chifundo

Osankha ophunzira awerengapo nkhani zambiri za umphawi. Chimene akufuna kumva n'chakuti mudakanika pati chifukwa chosowa luso linalake, MBA idzakupatsani bwanji lusolo, ndipo mukamaliza mudzagwira ntchito yanji. Tchulani udindo weniweni ndi mtundu wa kampani kapena bungwe. Za malikisi zikambeni m'kankhani kapadera kamene masukulu ambiri amapereka kwa wofuna kuwonjezera mawu. Ziganizo zinayi zikwana: vomerani, tchulani kosi ija ndi giredi yake, lozani bajeti yomwe mumayendetsa.

6. Sankhani mboni yokudziwani

Kalata ya bwana amene mumagwira naye ntchito tsiku ndi tsiku imaposa ya mkulu wa bungwe lonse kapena phungu amene amangokuonani pa misonkhano. Mupempheni atchule nthawi imene mudagwira ntchito ya manambala.

7. Masukulu, ndalama ndi nthawi

Funsani komwe anthu onga inu amafunidwa. Yale School of Management idadziwika kuyambira kale pophunzitsa atsogoleri a bizinesi ndi a ntchito zothandiza anthu. Saïd Business School ku Oxford ili ndi Skoll Centre for Social Entrepreneurship, ndipo ku Cape Town kuli Bertha Centre. Sikolashipu ya boma la Britain ya Chevening imalipirira MBA ku Britain koma fizi yake imaikidwa malire, yotsalayo mumapeza nokha. Ngati simukufuna kusiya ntchito, MUBAS ku Blantyre ndi ESAMI amaphunzitsa MBA konkuno.

Masukulu ambiri a ku America amalandira makalata m'magawo atatu: cha mu Seputembala, mu Januwale, ndi cha mu Malichi kapena Epulo. Ngati malikisi sadakwere pofika Seputembala, dikirani Januwale mutalembanso mayeso ndi kumaliza kosi. Gawo lachitatu lipeweni, chifukwa malo ndi ndalama za sikolashipu zimakhala zitatsala pang'ono, komanso nthawi yokonza visa imachepa.