Chikwama cha kamera pokwera Mulanje

Anzanga okonda kujambula, mukamakwera Mulanje ndi kamera chonde musatenge chikwama cholendewera phewa limodzi chija. Ine chinandipweteketsa khosi ulendo wochokera ku Likhubula kupita ku Chambe, ndipo pamalo pofunika kugwira thanthwe ndi manja awiri chimangobwera kutsogolo nkumamenya miyala, mtima uli m'mwamba. Pezani cha kumsana chokhala ndi lamba wokhuthala wa m'chiuno kuti kulemera kuzikhala m'chiunomo osati pamapewa, cha malita 30 chimakwana kamera, malenzi awiri, jekete, madzi ndi kamba.

Chikhalenso ndi zipi ya m'mbali yotulutsira kamera osatula chikwama pansi, poti nkhungu ya kumeneko siidikira munthu, Sapitwa uja wa mamita 3002 amaoneka pang'ono pokha kenako waphimbika. Nanga chiperoni! Mu Juni ndi Julayi kamvula kowaza kaja kamalowa paliponse ndiye onani ngati chili ndi kava yamvula, ngati chilibe yalani jumbo yaikulu mkati. Timapaketi ta silica gel ta m'mabokosi a nsapato musamataye, tiponyeni momwemo lenzi isachite chuku. Mabatire sungani m'thumba la jekete, kuzizira kumawamaliza msanga.